Makhadi a Okutobala ndi Disembala: zolemba za ntchito ku Ulongwe

18 Ogasiti

Makomiti a makolo a sukulu za mu ZIP imodzi (gulu la sukulu zoyandikana) kuno ku Angónia, m'dziko la Mozambique, aitanitsa makhadi 120 a Tsiku la Aphunzitsi. Kwathu kuno tsikuli ndi 12 Okutobala, tsiku limene bungwe la aphunzitsi la ONP linakhazikitsidwa mu 1981. Akufuna makhadi afike sabata yoyamba ya Okutobala kuti ana apeze mpata wolembamo mayina awo. Theka la ndalama alipira kale pa M-Pesa. Ndikathana nawo amenewa ndilowa m'makhadi a Disembala, ndiye zonse ndizilemba pamodzi muno.

Pathebulo pali makina odulira opukusa ndi dzanja, amene achemwali anagula ogwiritsidwa kale ntchito ku Johannesburg. Pali madayi, tizitsulo topyapyala tija tokhala ndi mpeni m'mphepete mwa chithunzi, pali zidindo za pulasitiki yoonekera zimene zinabwera limodzi ndi makinawo, ndi paketi ya mapepala amaluwamaluwa yomwe yatsala pang'ono kutha. Madayi amene angandithandize ndi a bwalo, a makona anayi, a duwa ndi a tsamba. Otsalawo ndi a kumayiko ozizira, munthu woumbidwa ndi chipale ndi nyama za nyanga zokoka ngolo. Zidindo nazo mawu ake ndi Chingerezi chokhachokha, pamene aphunzitsi athu m'kalasi amagwiritsa Chipwitikizi ndipo kunyumba Chichewa. Mawu ndi zithunzi za kuno ndisema ndekha.

24 Ogasiti

Cartolina, pepala lokhuthala lija, wa m'mapapelaria (masitolo a mapepala ndi zolembera) a pa Ulongwe ndi wabwino kulembapo zokhoma pakhoma la kalasi, koma khadi lake siliimirira pa kabati, limagwada. Ndinakwera chapa (minibasi) wa ku Tete, kudzera pa Mussacama ndi Moatize, ulendo wa makilomita oposa 200, n'kukapeza cartolina wa magalamu 240 woyera ndi wa kirimu, ndi maenvulopu a C6. Pepala la fotokope ndi la magalamu 80, ndiye uyu ndi wolemera katatu. Pansi pa 200 sindingatsike, makamaka poti pamwamba pake ndimatapo zinthu.

Muyeso ndatenga wa masiku onse. Chidutswa cha A5, mamilimita 148 ndi 210, chikapindidwa pakati chimasanduka A6, 105 ndi 148, ndipo chimalowa mu envulopu ya C6 ya 114 ndi 162 mosakakamiza. Pepala lalikulu la cartolina ndi masentimita 50 ndi 65. Ukaligoneka mbali ina limatulutsa zidutswa 9, ukalitembenuza 8. Aliyense angasankhe 9, koma pepala lili ndi khalidwe lake. Polipanga kufakitale tiulusi take timagona mbali imodzi, ndipo ukapinda modutsa tiulusito msana wa khadi umang'ambika n'kutulutsa ubweya. Kuti udziwe mbali yake umalipinda mofatsa uku ndi uku osalithyola. Kumene likugonja msanga ndiko mpindo uyenera kutsata. Langa lafuna 8. Mapepala 15 akwana makhadi 120, ndipo ndaonjezera ochepa a zoonongeka.

Ndisanapinde ndimayamba ndajambula mzere ndi bolopeni yotha inki motsatira rula yachitsulo, kenako n'kusalaza ndi kumbuyo kwa supuni. Mng'ono wanga wazigwira msanga zimenezi, moti kupinda konse ndamusiyira iye.

2 Seputembala

Masamu a mapepala amaluwa sakutuluka. Pepala limodzi ndi mainchesi 12 mbali zonse, pafupifupi masentimita 30 ndi theka. Chigamba chomata pankhope ya khadi ndi masentimita 10 ndi 14, ndiye papepala limodzi pamatuluka 6. Makhadi 120 afuna mapepala 20. Ndilibe ngakhale theka lake, ku Tete sindinawaone, ndipo kuitanitsa ku Joni n'kudikira munthu wobwera ndi basi n'kutaya mwezi wonse.

Madzulo ndinapita kwa alamu anga atelala kumsika kukatenga diresi, n'kupeza thumba la zidutswa za zitenje pansi pa makina awo. Ndinati, "Alamu, izi mumazitani?" Iwo anati, "Ena amatenga kukasoka zopondera pakhomo. Ngati mukuzifuna nyamulani, mungondibwezera thumbalo." Capulana (chitenje) yathunthu ndi pafupifupi mamita awiri m'litali, ingapereke zigamba zoposa 100, koma zonse zingafanane. Zidutswa za atelala n'zosiyanasiyana, ndipo mphunzitsi aliyense adzalandira khadi losafanana ndi la mnzake. Ndasankha za maluwa ang'onoang'ono ndi za mizere. Zitenje za zithunzi zikuluzikulu sizigwira, chifukwa pachigamba chaching'ono pamangooneka theka la tsamba kapena mwendo wa mbalame. Za nkhope za andale ndi za mipingo ndaziika padera. Sizilowa pakhadi la sukulu.

9 Seputembala

Nsalu payokha m'makina simadulika bwino. Dayi yopyapyala imaifinya, kusiya tiulusi tosaduka m'makona, ndipo ukakoka m'mphepete mumasosoka. Iyenera kulimba kaye ngati pepala.

Njira ya amayi ndi sitalichi ya chinangwa: kuphika phala lamadzimadzi, kuviika nsalu, kuyanika n'kusita. Inalimbadi ndipo inadulika bwino. Koma sitalichi ndi chakudya. Zidutswa zoyeserazo zinagona pashelefu usiku ochepa, mphemvu n'kuzibowola. Khadi ndi chinthu chimene munthu amasunga mu sutikesi zaka, ndiye sindingatumize ndiwo za mphemvu m'nyumba za aphunzitsi.

Yagwira ndi entretela, nsalu yoyera ija atelala amalimbitsira makolala a malaya, yomwe mbali imodzi ili ndi timadontho ta guluu tosungunuka ndi simbi. Kuchapa chitenje kaye kuti mankhwala a kufakitale achoke, kusita, kuika entretela kumbuyo mbali yokhakhala itayang'ana nsalu, kuphimba ndi kansalu kena, n'kukanikiza simbi pamalo amodzi kwa kamphindi osaiyendetsa. Ukaiyendetsa nsalu imatanuka n'kukhota ikazizira. Magetsi akathima ndimagwiritsa simbi ya makala, ndipo kulemera kwake kumathandiza, bola kusamala phulusa.

M'makina ndimayala mbale ya pulasitiki pansi, nsalu, dayi mpeni utayang'ana nsalu, mbale ina pamwamba, n'kupukusa kupita ndi kubwerera. Makinawa alibe mpeni wawo. Ndi mipukutu iwiri yachitsulo yofinya basi, ngati ija yofinyira nzimbe. Pamene kona yakana kuduka ndimaika kachidutswa ka pepala pamwamba pa dayi pamalo omwewo kuti pafinyike kwambiri. Dayi ya makona anayi ndimaiika mopendekera pang'ono, isalowe mumipukutu ndi mbali yonse nthawi imodzi. Mbale zimalira ngati zikusweka ndipo zimadzaza mikwingwirima, koma ndi mmene makina otere amagwirira; chofunika n'kumazitembenuza kuti zisapindikire mbali imodzi. Mng'ono wanga atamva kulirako koyamba anasiya chogwirira n'kuthawira pakhomo.

Dayi ya duwa ili ndi tizigawo tating'ono kwambiri, pansalu yakanika. Maluwa ndidula papepala.

16 Seputembala

Sabata yonse yapita ndi kusema zidindo, ndipo ndi gawo limene ndimalikonda.

Ndimagwiritsa zofufutira zoyera zikuluzikulu, zofewa zija zosanyenyeka. Chithunzi ndimajambula ndi pensulo yakuda kwambiri, ya 4B, papepala loonekera, kenako n'kulivundikira pa chofufutira n'kupukuta kumbuyo ndi chikhadabo. Makala a pensulo amasamukira pa labala chithunzi chitatembenuka chokha, ndipo ndi mmene chiyenera kukhalira kuti podinda mawu awerengeke bwino. M'mphepete mwa zilembo ndimadula ndi kampeni ka mapepala, nsonga itapendekera kunja, kuti chilembo chilichonse chikhale ndi tsinde lotambalala pansi. Ukadula molowa pansi pa chilembo chimagwedera podinda ndipo sichichedwa kuthothoka. Malo aakulu ndimakumba ndi waya wa ambulera yakufa, uja wokhala ndi ngalande pakati, wonoledwa pamwala n'kuzikidwa m'kamtengo. Wokonza maambulera kumsika ali nawo mulu.

Zatuluka zidindo za mawu ziwiri, "Zikomo Aphunzitsi" ndi "Feliz Dia do Professor", kuphatikiza buku lotsegula, pensulo, ndi phiri la Domwe mmene limaonekera kuchokera kumsewu. Mawu a Chipwitikizi ndi aatali, sanakwane pa chofufutira chimodzi, ndiye ndagawa pawiri n'kumata pa kathabwa kamodzi. Zilembo zozungulira monga o, e ndi s ndizo zimadya nthawi. Zilembo zosakwana theka la sentimita sindiziyesa n'komwe, maso ndi labala zonse zimakana.

Za inki. Ya m'ofesi, yofiirira kapena yabuluu ija amadindira zikalata, ndi yotchipa ndipo imapezeka paliponse, koma ndi utoto wosungunuka m'madzi. Ndinadinda kapepala n'kukaika pawindo, kena m'kabati. Ka pawindo kayamba kale kuzilala, ndipo dontho la madzi limaibalalitsa. Inki ya pigment imakhala pamwamba pa pepala, siizilala msanga, koma imachedwa kuuma, ndipo papepala lonyezimira imatha kukhala yonyowa mpaka mawa. Ndili ndi yakuda imodzi, ndiisungira mawu okha. Zithunzi ndidinda ndi penti ya akiliki, yopaka pachidindo ndi kasiponji mopyapyala. Pentiyi imauma msanga, choncho chidindo chizitsukidwa pafupipafupi isanatseke timipata.

Chinthu chimodzi chimene ndimauza aliyense wondithandiza: chidindo amachigoneka chagada n'kumagogoda inki pamwamba pake, osachikanikiza mu inki. Podinda, pansi pa pepala pakhale magazini yakale kuti pafewe, kukanikiza kamodzi molunjika, osagwedeza.

27 Seputembala

Kulumikiza kwayamba. Khadi lililonse lili ndi chigamba cha chitenje, bwalo la cartolina wa kirimu lodindidwa buku kapena phiri, kachingwe ka pepala kokhala ndi mawu, ndi duwa limodzi pakona. Mkati ndasiya mopanda kanthu kuti ana alembe.

Guluu woyera, cola branca, ali ndi madzi ambiri. Akachuluka nkhope ya khadi imafufuma n'kupindika, ndipo amathanso kubowoleza pansalu n'kusiya banga. Ndikupaka ndi kabulashi, kopyapyala, kumbuyo kwa entretela osati pakhadi, kenako makhadi amagona pakati pa mabuku olemera usiku wonse, pepala loyera pakati pa khadi ndi linzake. Nyuzipepala ayi, inki yake imasamuka. Mpweya wouma wa mwezi uno ukutithandiza. M'mawa timapeza onse ali phwatalala.

Tikugwira mwa magawo. Tsiku lina kudula kokhakokha, lina kudinda, lina kumata. Kupanga khadi limodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza kumasangalatsa, koma manja a penti akagwira cartolina woyera ndiye kuti waonongeka. Mwana wa achemwali amabwera akaweruka kusukulu, ntchito yake ndi kuchotsa maluwa m'madayi ndi singano. Dzulo anandifunsa kuti, "Amayi aang'ono, nanga aphunzitsi anga akalandira la chitenje chofanana ndi diresi lawo?" Atelala ndi amodzi pamsika pano, zingachitikedi.

5 Okutobala

Onse 120 apita, m'katoni yokutidwa ndi pulasitiki chifukwa cha fumbi la panjinga yamoto. Ndalama yotsala yalowa.

14 Okutobala

Amayi a m'komiti ina andiimbira. Akuti a "Zikomo Aphunzitsi" anatha poyamba, ana ankachita kulimbirana. Dandaulo ndi limodzi, lakuti mkati mwa A6 ndi mochepa pamene kalasi ili ndi ana ochuluka chonchija, ena analemba kumbuyo ndi pa envulopu. Chaka chamawa a sukulu adzakhala ndi pepala lopinda lomatidwa mkati, kapena ndidzapanga a A5.

Zigamba zotsala ndazisandutsa makhadi ochepa a amayi. Ku Malawi Tsiku la Anakubala ndi mawa, 15 Okutobala, ndipo msuweni wanga amene amagulitsa pa Calómuè, pamalire a Dedza, wawatenga. Kwathu makhadi a amayi amayenda pa 7 Epulo, Tsiku la Amayi a ku Mozambique, tsiku limene Josina Machel, womenyera ufulu, anamwalira mu 1971.

28 Okutobala

Mayi wina wa sitolo ya mphatso ku Tete anaona zithunzi pa WhatsApp n'kupempha zitsanzo. Makasitomala ake ambiri ndi ogwira ntchito kumigodi ya malasha ya ku Moatize ndi alendo odutsa, ofuna kanthu kosonyeza dera lino. Ndinatumiza zitsanzo, zina zokhala ndi bwalo lotukulidwa ndi tepi yasiponji yomata mbali zonse. Patapita sabata ananditumizira chithunzi: mabwalo aja atsetsereka, ena agwera pansi pa shelefu. Kuno tili pamtunda wa mamita oposa 1,000, usiku timafundabe. Ku Tete ndi m'chigwa cha Zambezi, ndipo mwezi uno kutentha kumadutsa madigiri 40. Guluu wa tepi amafewa. Omatidwa ndi cola branca sanasunthe. Choncho a ku Tete onse, pofuna kutukula chinthu, ndizimata tizidutswa ta katoni tiwiri tosanjikiza ndi guluu woyera. N'zochedwetsa, koma katoni sasungunuka.

Zithunzi zimene tagwirizana ndi mlambe, mbuzi, bwato ndi nsomba ya pende ya ku damu la Cahora Bassa, ndi mlatho wa Samora Machel wa pa Zambezi ku Tete. Mlatho wandivutitsa. Zingwe zake n'zopyapyala, palabala zimathothoka, ndiye ndasema nsanamira ndi msewu wokha, zingwe n'kumajambula ndi cholembera chakuda khadi lililonse. Mlambe ndiye wosavuta, thunthu lonenepa ndi nthambi zopanda masamba, ndipo ngakhale mpeni uphonye pang'ono umaonekabe mlambe.

Mayiwo anapemphanso zilombo za Gule Wamkulu, akuti azungu amazifunsa, makamaka kuyambira pamene UNESCO inauzindikira mu 2005 ngati chuma cha Malawi, Mozambique ndi Zambia. Ndinapita kwa amalume kumudzi. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati, "Mwana wa mlongo wanga, kodi khadilo likatha ntchito amalitaya kuti?" Sanaonjezere kanthu. Ine ndemwe sindinali womasuka nazo. Ndine mkazi, za kudambwe si zanga, ndipo kukhala pansi n'kumasema nkhope ya chilombo pa chofufutira kuti ndidinde kambirimbiri ndi chinthu china, chosiyana ndi kuonerera pabwalo tsiku la mwambo. Ena amapanga ndipo sindikuwaweruza. Ndawauza mayiwo kuti ndiwapangira ng'oma, nkhokwe ndi mtondo. Avomera monyinyirika.

15 Novembala

Mvula yagwa, ndipo zonse zimene zinkayenda bwino mu Seputembala zasintha. Cartolina wamwa chinyezi, m'mphepete wachita mafunde. Inki ya pigment imene inkauma ndikamaphika nsima tsopano ikufuna tsiku lonse. Dayi ikudula mosiya ubweya chifukwa pepala lafewa. Maenvulopu ena adzimata okha m'paketi.

Mapepala onse ndawasamutsira m'bokosi la pulasitiki lotseka, pamodzi ndi timapaketi ta silika tija timabwera m'mabokosi a nsapato ndi a mankhwala. Ndatolera kwa ogulitsa nsapato. Bokosi lili pathebulo, kutali ndi khoma ndi pansi, chifukwa chiswe chadzuka. Ndimatulutsa okwanira tsiku limenelo basi. Pepala lofewa ndimalisita pang'ono ndi simbi yofunda, pakati pa mapepala awiri oyera, lisanalowe m'makina. Zodinda ndimayanika pachingwe m'nyumba ndi zopanira zovala, osati kusanjikiza. Usiku sindigwira ntchito ya penti, ngumbi zikazungulira babu zimagwera pomwepo.

30 Novembala

A Disembala ali pakati. Pa 25 Disembala boma limati Dia da Família, Tsiku la Banja, kuyambira nthawi ya ufulu, ndipo ogula anga ena ndi Akhristu, ena Asilamu, ena akungofuna kulonjera abale. Ndasema "Boas Festas", "Khirisimasi Yabwino" ndi "Chaka Chabwino Chatsopano", munthu azisankha. A kwaya ya kutchalitchi kwathu aitanitsa a khola ndi nyenyezi. Wina anandiuza kuti makhadi ndi zachizungu. Ogulitsa a Khirisimasi anayambadi ku London mu 1843, pamene Henry Cole anasindikizitsa 1,000, koma pakhadi langa pali chitenje cha pamsika wa Ulongwe ndi mbuzi ya ku Tete, ndipo amene amalilandira ali ku Beira kapena ku Joni sakudandaula.

Njira yatsopano yafupikitsa ntchito. Mapapelaria amagulitsa EVA, siponji yopyapyala yamitundumitundu ija aphunzitsi amakongoletsera makalasi. Ikadutsa m'makina ndi dayi ya tsamba kapena ya bwalo imadulika bwinobwino, ndipo ukaimata pa kathabwa wapeza chidindo chofanana ndendende ndi dayi yako popanda kusema. Mizere ya tsamba ndimaikanda ndi bolopeni, EVA imasunga mkandowo. Ndi zidindo zimenezi ndayamba kupanga mapepala amaluwa anga: pepala la magalamu 120, mizere yapensulo yotalikirana masentimita 4, kudinda tsamba lobiriwira pamphambano iliyonse, likauma kudinda kadontho kofiira pakati pake. Chidindo chizitulukira kunja kwa pepala m'mphepete, apo ayi pepala limaoneka ngati lili ndi mpanda. Amene sakonda nsalu, ndipo alipo, makamaka a m'maofesi, akutenga amenewa.

Ndawerengeranso mtengo. Pa zogula, envulopu ndi cartolina ndizo zimatenga gawo lalikulu, kenako ulendo wa ku Tete ukagawidwa pa makhadi onse. Chitenje, penti ndi guluu pakhadi limodzi n'zochepa kwambiri. Chodula kwenikweni ndi nthawi. Khadi la mlatho limatenga nthawi ya makhadi awiri a mlambe chifukwa cha zingwe zojambula pamanja, ndiye mtengo wake ndaukweza. Pano pa Ulongwe anthu amayerekeza ndi makhadi osindikiza a m'sitolo za Amwenye ndi Matchaina, ndipo pamwamba pa mtengo umenewo sakwera kwambiri, makamaka mwezi uno pamene ndalama zapita ku feteleza ndi mbewu. A pano ndawapeputsa: chigamba chimodzi, chidindo chimodzi, opanda duwa. Okongoletsa kwambiri akupita ku Tete.

12 Disembala

A kwaya alandira awo. Katoni ya ku Tete yanyamuka dzulo ndi dalaivala wa chapa wodziwika, khadi lililonse m'kathumba kake ka pulasitiki, katoni yonse m'thumba la feteleza lotsuka. Mayi wa sitolo watsimikiza kuti yafika youma. Mlambe ndi mbuzi akufuna ena sabata yamawa. Nkhokwe sinayende, akuti alendo saizindikira, amafunsa ngati ndi nyumba.

Chidindo cha "Boas Festas" chatha mphamvu, B wathothoka pamimba, ndisema china usiku uno. Mbale yapansi ya makina yapindika moti ikufuna tizidutswa ta pepala paliponse. Ndalembera achemwali kuti abwere ndi ziwiri akamabwera ku tchuthi, pamodzi ndi inki ya pigment yakuda ndi yofiira. Madayi a chipale aja ndawapatsa mwana wa achemwali kuti azidulira zoseweretsa.

Cartolina woyera watsala wokwana makhadi pafupifupi 40, wa kirimu watha. Alamu asunga thumba lina la zidutswa, akuti muli zofiira zambiri za madiresi a ukwati wa mwezi watha, zimene zikhala bwino pa 14 Febuluwale. Ndikazitenga ndikamaliza a Chaka Chatsopano, ndipo ndizichapa n'kuzimata entretela tsiku limene dzuwa lidzawale.